Miyezi 4 yokha kumzinda wina: ndichite lendi nyumba iti mwa zitatuzi?

Wapaulendo: Moni nonse. Ndithandizeni nzeru abale. Kuntchito akunditumiza kumzinda wina kwa miyezi 4, ndipo akuti ingafike 6 ntchitoyo ikapanda kutha msanga. Banja likutsala, koma mayi akunyumba ndi mwana azidzandiyendera sukulu ikatsekera. Malo ndapeza atatu. Oyamba ndi kanyumba ka chipinda chimodzi kokhala ndi zonse, bedi, fuliji, chophikira, mipando ndi intaneti, ndipo madzi ndi magetsi zili mu lendi momwemo. N'kodula, koma amalola kulipira mwezi ndi mwezi. Achiwiri ndi nyumba yaikulu bwino koma yopanda kanthu m'kati, lendi yake ndi theka la koyambako, kungoti eni ake akufuna mgwirizano wa chaka. Achitatu ndi chipinda m'nyumba yomwe mukukhala kale anthu atatu, khitchini ndi bafa n'zogawana, ndipo ndiko kotsika mtengo kwambiri. Zonsezi ndangoziona pazithunzi. Mtima wanga uli pa nyumba yachiwiriyo chifukwa cha mtengo. Mukuona bwanji?

Wowerengera: Achimwene, musanayambe kuikonda nyumba yachiwiriyo tengani pepala ndi cholembera. Tingoyerekeza kuti kanyumba kokhala ndi zonseko ndi 100 pamwezi, yopanda kanthuyo ndi 50. Miyezi 4 m'kanyumbako ndi 400, nkhani yatha. Inayo mukasaina chaka ndiye kuti mwavomera ngongole ya 600, kaya mukhalamo miyezi 4 kaya 12. Apo simunagule bedi, simunagule poto, simunalipire galimoto yonyamula katundu popita ndi pobwera, madzi ndi magetsi ndi zanu, intaneti ndi yanu. Lendi ya pamwezi ndi imene imakopa maso, koma muziwerengera ndalama zonse zimene zituluke m'thumba kuyambira tsiku lolandira kiyi mpaka tsiku lobweza.

Sindigonja: Masamu anuwa a Wowerengera mwawapendeketsa. Ndani amalipiradi miyezi 12 atachoka? Eni nyumba ambiri ukawauza bwinobwino amakulola kutuluka, amangodya dipoziti kapena kukulipiritsa mwezi umodzi kapena iwiri. Ndiye tiwerenge: 50 kanayi ndi 200, kuwonjezera miyezi iwiri ya chindapusa 100, zonse 300. Ntchito ikafika miyezi 6, kanyumba kanu kodulako ndi 600, iyi ndi 400. Matiresi ndi mbale munthu angabwereke, kapena kugula zakale n'kudzagulitsanso.

Wowerengera: Mawu anu oti "ukawauza bwinobwino amakulola" ndi amene ndikukana. Amalola akafuna. Zikalembedwa mu mgwirizano kuti wochita lendi atha kutuluka atapereka notisi ya mwezi umodzi n'kulipira zakutizakuti, pamenepo masamu anu ndi olondola ndipo ndikuombera m'manja. Koma zikakhala zapakamwa, 300 ija ili m'maloto. Ndipo zogula n'kudzagulitsazo, munthu amene akuthamangira kusamuka sagulitsa pamtengo wabwino. Ogula amaonera m'maso kuti uyu ali pachangu.

Mwini nyumba: Ine ndili tsidya linalo, ndimachititsa lendi, ndiye mundilole ndinene mmene ife timaonera. Sikuti timakonda mgwirizano wa chaka chifukwa cha nkhanza. Munthu akatuluka pamafunika kuyeretsa, mwina kupenta, kutsatsa, kulipira ejenti, kenako kudikira. Nyumba ikangokhala mwezi umodzi yopanda munthu, ndataya gawo limodzi mwa magawo 12 a ndalama za chaka. N'chifukwa chake wa miyezi yochepa timamukwezera lendi. Bambo Wapaulendo, chimene ndingakuuzeni n'chakuti musasaine chaka mukudziwa mumtima kuti mwezi wachisanu mudzakhala mutachoka. Auzeni zoona eni akewo. Nenani kuti ndikufuna miyezi 4, ndiwonjezerapo pang'ono pa lendi, ndipo ndikafuna kupitiriza ndizipitiriza mwezi ndi mwezi pamtengo womwewo. Ngati nyumbayo yakhala nthawi yopanda munthu, mudabwa kuti avomera msanga. Ngati ili ndi oifuna ambiri akana, ndipo kukanako n'kwabwino kusiyana ndi kudzakokerana kukhoti.

Wapaulendo: Zikomo bambo. Chimene chikundisokoneza ndi ichi chakuti sindikudziwa ngati ndi miyezi 4 kapena 6. Ndikasaina 6 ntchito n'kutha pa 4 ndaluza. Ndikasaina 4 ntchito n'kupitirira, atha kundiuza kuti alowetsa wina.

Wowerengera: Apa ndiye pagona nkhani yonse. Munthu wokhazikika amasankha nyumba poyang'ana mmene akhaliremo. Inu wa miyezi yochepa muyang'anitsitse mmene mudzatulukiremo. Pepalalo linene momveka kuti notisi ndi ya masiku angati, komanso ngati imayamba tsiku lililonse kapena pa 1 pokha. Kameneka kamagwetsa ambiri: mwapereka notisi pa 3, iwo akuti iyamba kuwerengedwa pa 1 mwezi wotsatira, mwalipira pafupifupi miyezi iwiri m'malo mwa umodzi. Linenenso kuti mukafuna kuwonjezera nthawi muwauze pofika liti, lendi yake ikhala yotani, ndipo kuti sangalonjeze nyumbayo kwa wina tsiku limenelo lisanafike. Kenako dipoziti: ibwezedwa pakatha masiku angati, ndipo n'ziti zimene angadulepo. Kanyumba koyambako akuti mwezi ndi mwezi, chabwino, koma kumbukirani kuti ufulu umenewo uli mbali zonse. Inu mutha kuchoka ndi notisi ya mwezi, iwonso atha kukuchotsani ndi notisi ya mwezi. Choncho pemphani kuti miyezi 4 yoyambayo ikhale yotsekeredwa, zamwezi ndi mwezizo ziyambe pambuyo pake.

Amayi a mapasa: Inu nonse mwathamangira mapepala, ine chandiopsa ndi chakuti bambowa angoona zithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi sichinunkha. Pitani mukalowemo, ndipo chinthu choyamba mukangotsegula chitseko imani kaye mununkhize. Mukamva fungo la chinyezi, kapena mukapeza apopera mafuta onunkhira nyumba yonse mawindo ali otsegula, funsani. Suzumirani kuseri kwa wodiropu ndi kuseri kwa bedi, khoma lake likhudzeni ndi dzanja. Yang'anani siling'i m'makona ngati muli zizindikiro zachikasu zozungulira, ndiye kuti denga limadontha. Khoma limodzi lokha likakhala lopentedwa kumene enawo ayi, pali chimene abisa. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki, matabwa ake akakhala otupa ndiye kuti paipi ikuchucha. Chuku si nkhani yongonyansa m'maso, mwana wa chifuwa cha mphumu amavutika nacho kwambiri, ndipo inu mwati mwana azibwera.

Sindigonja: Amayi, miyezi 4 yokha munthu n'kuyamba kukwawa pansi pa sinki? Akugula nyumbayo kodi? Kkkk.

Amayi a mapasa: Akanakhala akugula akanakonza, achimwene. Wa miyezi 4 ndiye amene sakonzeredwa. Mwini nyumba amati dikirani mmisiri abwera sabata ya mawa, sabata ya mawa imeneyo mpaka mwatuluka. Chimene mwachipeza chowonongeka tsiku loyamba muziwerengera kuti mukhala nacho mpaka kumapeto, pokhapokha atakonza musanalipire.

Mwini nyumba: Pamenepo amayi anena zoona ngakhale zikundikhudza. Nthawi imene wochita lendi ali ndi mphamvu ndi pamene ndalama zili m'thumba mwake.

Woyang'anira gulu: Ndilowererepo pa nkhani ya zithunziyi, chifukwa madandaulo ake amabwera pagulu pano pafupipafupi. Akuba amatenga zithunzi za nyumba yeniyeni pa intaneti, n'kuziika ndi lendi yotsika modabwitsa. Ukaimba amati ndili kutali, kiyi ali ndi mlonda, ofuna ndi ambiri, tumizani kangachepe kuti ndikusungireni. Ukatumiza foni yazima. Tengani zithunzi zimene akutumiziranizo muzifufuze pa Google Lens kapena TinEye, muone ngati sizikupezeka kwina ndi dzina la mzinda wina. Ngati simungathe kupitako, tumani munthu amene mumamudziwa, kapena akuonetseni nyumbayo pa foni ya vidiyo nthawi yomweyo, muwauze kuti atuluke panja akuonetseni msewu ndi nambala ya pageti, atsegule mpopi muone. Vidiyo yojambulidwa kale ayi. Ndipo amene akulandira ndalama asonyeze kuti ndi mwini wake kapena kuti mwini wake wamutuma. Risiti ikhale ndi dzina, tsiku, ndi chimene mwalipirira.

Wamagetsi: Ine ndilankhule za ntchito yanga. Nyumba zokhala ndi katundu kale zimadutsamo anthu ambiri, ndipo aliyense amasiya kake. Mukapita tengani chaja ya foni, muilowetse mu soketi iliyonse. Soketi yakuda m'mbali kapena yosungunuka pang'ono ndiye kuti inatenthapo. Pemphani akuonetseni bokosi la maswichi. Ngati lili ndi kaswichi koteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, pamakhala kabatani kolembedwa T kapena Test, mukakadina magetsi ayenera kuthima nthawi yomweyo. Akapanda kuthima, chitetezo chimenecho chinafa. Kubafa, tsegulani shawa mukhudze mpopi ndi kuseri kwa dzanja, ngati mukumva kunyerenyesa tulukani, giza ikutaya magetsi. Funsaninso mita: ndi yanu yokha kapena mukugawana ndi nyumba ina? Mita yogawana ndi gwero la mikangano, inu muzichoka m'mawa kubwera usiku, anzanu akusita ndi kuphika tsiku lonse, bilu mugawana pakati.

China chimene anthu sachilabadira ndi gasi. Moto wa gasi woyaka bwino umakhala wabuluu. Ukakhala wachikasu, wolobodoka, n'kumadetsa mapoto ndi mwaye, ndiye kuti sukuyaka mokwanira ndipo ungathe kutulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo tosadzuka. Khitchini ikhale ndi windo lotseguka. Jenereta ikakhala pafupi ndi windo la kuchipinda kapena m'garaja yolumikizana ndi nyumba, ndi vuto lomwelo. Ngati muli kachipangizo kochenjeza za utsi, kadineni mumve ngati kakulira.

Wapaulendo: A Wamagetsi, kanyumba koyambako akuti magetsi ali mu lendi. Pamenepo nkhani ya mita ikundikhudzanso?

Wamagetsi: Ikukukhudzani. Funsani kuti "ali mu lendi" mpaka pati. Ena amaika malire, ukapitirira mayunitsi akutiakuti amadula ku dipoziti, ndipo amakuuza tsiku lotuluka. Zilembedwe. Ndipo kaya zili mu lendi kaya ayi, tsiku lolowa jambulani mita ya magetsi ndi ya madzi manambala akuoneka bwino.

Namwino wausiku: Ine ntchito yanga imandisamutsa kawirikawiri, ndiye nyumba za miyezi yochepa ndakhalamo zambiri. Chimene ndimayang'ana poyamba si nyumbayo, ndi ulendo wapakati pa nyumba ndi kuntchito. Mapu a pafoni akakuuzani mphindi 15, onani kuti mwafufuza nthawi yanji. Yesani ulendowo m'mawa tsiku lantchito, nthawi imene muzinyamukadi. Ola limodzi popita ndi lina pobwera, masiku 22 pamwezi, ndi maola 44 pamwezi muli pamsewu, kuposa sabata yathunthu yantchito, osawerengera ndalama zoyendera. Nyumba yotsika mtengo yakutali nthawi zambiri kusiyana kwakeko kumathera m'njira.

Chachiwiri, nyumba muione kawiri, masana ndi usiku. Masana aliyense ali kuntchito, malo onse amaoneka abata. Pitaninso cha m'ma 9 usiku, makamaka Lachisanu. Mudzamva ngati kuseri kuli malo omwera mowa, ngati agalu a pafupi sagona, ngati khoma ndi lopyapyala loti wailesi ya anzanu ili ngati ili kuchipinda kwanu. Muonenso ngati msewu wofikira pageti uli ndi kuwala, poti masiku ena muzifika mochedwa. Ndipo taonani kumene windo la kuchipinda layang'ana. Loyang'ana kumadzulo limalandira dzuwa lonse lamasana, khoma limasunga kutenthako mpaka usiku.

Sindigonja: Apa ndagonja pang'ono, za maola 44 sindinaziganizire. Koma musazolowere.

Wophunzira: Palibe amene wanenapo za chipinda chogawana chija, ngati kuti ndi chonyozeka. Kwa munthu wofika mumzinda wachilendo yekha, kukhala ndi anthu kuli ndi ubwino wake. Amakuuza kokwerera, kogula zinthu, njira yoyenera kuipewa usiku. Ukadwala pali wokuona. Ndalama zotsalazo mutha kumayendera banja kumapeto a sabata.

Amayi a mapasa: Mwana wanga, zimenezo n'zoona kwa iwe wosakwatira. Bambowa akuti mayi ndi mwana azibwera. Agona pati? Bafa limodzi anthu asanu ndi mmodzi m'mawa? Ndipo anthu atatu enawo avomera kuti mwana azithamanga m'khonde pamene iwo akupuma?

Wophunzira: Holide ndi masabata ochepa amayi. Atha kubwerekera malo ena masiku amenewo okha, n'kutsalabe ndi ndalama.

Wowerengera: Maganizo a mnyamatayu si olakwika, masamu ake atha kugwira. Koma pa chipinda chogawana funso lalikulu ndi lakuti mukuchita lendi kwa ndani. Kawirikawiri amene akutsatsa chipindacho si mwini nyumba, ndi mmodzi wa ochita lendi. Ngati mgwirizano wake umaletsa kulowetsa munthu wina, ndiye kuti inu mukukhalamo mobisika, mwini wake akadziwa mutha kutulutsidwa tsiku lililonse. Komanso munthuyo akamalandira ndalama zanu koma osapereka kwa mwini nyumba, onse mutulutsidwa limodzi ngakhale inu simunaphonye mwezi. Dipoziti yanunso ili m'manja mwa munthu amene mawa atha kusamuka. Pemphani kuona chilolezo cha mwini nyumba, ngakhale uthenga wa pafoni wokha.

Mwini nyumba: Ndipo ife zimatipweteka kupeza munthu wachilendo akutsegula geti ndi kiyi wathu. Akandipempha sindikana kawirikawiri, ndimangofuna kudziwa amene akugona m'nyumba mwanga.

Namwino wausiku: Pa zogawanazi, musanavomere kaloweni kukhitchini ndi kubafa osawauziratu ola. Sinki ndi fuliji zidzakuuzani za anthuwo kuposa mmene iwo angadzifotokozere. Funsani amagona nthawi yanji, alendo amaloledwa mpaka liti, sopo ndi gasi amagula bwanji, ndani amatsuka chimbudzi. Akayankha kuti "timangomvana," ndiye kuti pali mmodzi amene amachita zonse ndipo watopa.

Wa kutsidya la nyanja: Ndiwonjezere za malamulo, chifukwa amasiyana kwambiri dziko ndi dziko, mwinanso mzinda ndi mzinda, ndipo ambiri timasaina osafufuza a kumene tikupitako. Ku England, kuyambira 2019 dipoziti ya nyumba zambiri siiloledwa kupitirira lendi ya masabata 5, ndipo mwini nyumba amayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30. Ku Germany malire ndi lendi ya miyezi 3, osawerengera madzi ndi zotenthetsera, ndipo wochita lendi ali ndi ufulu woipereka m'magawo atatu. Za nyumba zobwereketsa masiku ochepa nazonso zili ndi malamulo ake. Ku London nyumba yathunthu siiloledwa kubwereketsedwa motere kupitirira masiku 90 pachaka popanda chilolezo cha khonsolo. Ku New York kuyambira September 2023 wobwereketsa kwa masiku osakwana 30 amayenera kulembetsa kaye kumzinda. Sindikudziwa kumene bambowa akupita, koma afufuze zinthu ziwiri: lamulo la kumeneko likuti chiyani pa dipoziti ndi notisi, komanso ngati mgwirizano wa miyezi yochepa umatetezedwa mofanana ndi wautali. M'malo ambiri wokhala m'chipinda m'nyumba imene mwini wake akukhalamonso amakhala ndi chitetezo chochepa kusiyana ndi amene wachita lendi nyumba yonse.

Wophunzira: Nanga bwanji osangopita pa Airbnb kapena Booking.com, masamba a pa intaneti opezerapo malo ogona? Ndalama zimadutsa pa iwo, pali ndemanga za amene anakhalamo, palibe zokokana ndi ejenti.

Wa kutsidya la nyanja: N'zotheka, ndipo pa Airbnb eni nyumba ambiri amatsitsa mtengo ukatenga masiku 28 kapena kuposerapo. Koma werengani lamulo lawo la kuchoka msanga, chifukwa pa nthawi yaitali chotero nthawi zambiri umalipirabe masiku 30 otsatira. Muonenso mtengo womaliza, pamodzi ndi za kuyeretsa ndi za kampani. Ndemanga muziwerenga za posachedwa, ndipo mufunefune za anthu amene anakhala mwezi kapena kuposa. Wogona masiku awiri amayamikira makatani, wokhala mwezi ndi amene amadziwa kuti madzi otentha amatha munthu asanatsuke sopo. Mwini wake akakuuzani kuti tilipirane kumbali ndikutsitsireni, dziwani kuti chitetezo chonse chija mwachisiya.

Namwino wausiku: Njira imene ine ndimachita ndi iyi: ndimatenga malo otere kwa sabata imodzi kapena ziwiri zoyamba, n'kumafufuza nyumba ya miyeziyo ndili komweko. Zimadula pang'ono poyamba koma umasankha ndi maso ako, ndipo anzako a kuntchito amakulozera malo amene satsatsidwa n'komwe.

Amayi a mapasa: Ndinaiwala chachikulu pa nyumba zokhala ndi bedi kale: nsikidzi. Chotsani nsalu zonse, mutembenuze matiresi, muyang'ane m'misoko ndi m'makona. Mukaona timadontho takuda ngati a inki, kapena timakoko touma, zilimo. Muunikenso ndi tochi ya foni m'ming'alu ya matabwa a bedi ndi kuseri kwa thabwa la kumutu. Musanyengeke akakuuzani kuti nyumbayo yakhala yopanda munthu, nsikidzi zimatha miyezi osayamwa magazi n'kukhalabe ndi moyo. Choopsa n'chakuti mukamabwerera kwanu zimakwera nawo m'chikwama. Zovala zimene zakhudzana nazo zimafuna kuchapidwa m'madzi otentha kufika madigiri 60.

Sindigonja: Amayi mwandichititsa kuti ndiyambe kudzikanda ndili pa ofesi.

Wamagetsi: Za intaneti nazonso musangomva kuti ilipo. Lumikizani foni yanu muyeze liwiro muli m'chipinda chimene muzigwiriramo ntchito, osati pafupi ndi rauta, kachipangizo kotulutsa Wi-Fi. Ngati muzichita misonkhano ya pa vidiyo, yang'anani liwiro lotumizira, osati lolandirira lokha, lifike ma Mbps 3 kapena 4 mosadukiza. Zimitsaninso Wi-Fi muone ngati netiweki ya foni ikugwira m'katimo. Nyumba zina za makoma okhuthala kapena za pansi penipeni, foni imagwira ukaima pakhomo basi.

Wapaulendo: Abale ndabwerako, ndinapita Loweruka n'kugona komweko. Nyumba yachiwiri ija ndi yabwinodi, koma eni ake akanitsitsa za miyezi 4, akuti chaka kapena ayi, ndipo ili mbali ina ya mzinda kutali ndi kuntchito. Chipinda chogawana chija anthu ake ndi aulemu, koma nditafunsa za mwini nyumba anayang'anana n'kunena kuti safunika kudziwa. Kanyumba koyambako ndi kakang'ono kuposa mmene kamaonekera pachithunzi, matiresi ndi oyera, madzi akutuluka mwamphamvu, kabatani ka T kanathimitsa magetsi. Soketi imodzi ya kukhitchini ndi yopsa, loko wa chitseko chakumbuyo ndi wolobodoka. Mayi mwini nyumbayo avomera kulemba miyezi 4 yotsekeredwa, kenako mwezi ndi mwezi pamtengo womwewo, notisi masiku 30 kuyambira tsiku lililonse. Pa dipoziti ndiye sitinamvane. Pepala lawo likuti potuluka adzadula ndalama ya penti ndi kuyeretsa, koma silikunena kuti zingati.

Wowerengera: Mzere umenewo musausiye choncho. "Adzadula" yopanda nambala ndiye kuti dipoziti yonse ili m'manja mwawo. Za kuyeretsa alembe ndalama yeniyeni, kapena alembe kuti mukasiya nyumba ili yoyera ngati mmene munaipezera sadula kanthu. Za penti ndiye ine sindikuona chifukwa. Munthu wamkulu mmodzi miyezi 4 angathe bwanji penti? Kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito mwa masiku onse ndi kwa mwini nyumba, n'kumene lendi imalipirira. Inu mulipire chimene mwaswa kapena kuwononga.

Mwini nyumba: Apa a Wowerengera sindikuvomerezani kwathunthu. Simunaonepo khoma limene munthu wakhomapo misomali khumi n'kumatapo zithunzi ndi guluu m'miyezi iwiri yokha. Mwana mmodzi ndi chekeni amamaliza chipinda tsiku limodzi. Mayiwo mwina zinawachitikira, n'chifukwa chake analemba chomwecho.

Wowerengera: Zimenezo ndi kuwononga, bambo, ndipo wowonongayo alipire. Ine ndikukana kulipiritsa aliyense penti ngakhale amene sanakhudze khoma.

Mwini nyumba: Ndiye alembe kuti penti idzadulidwa pokhapokha pakhoma pali chowonongeka chimene panalibe polowa. Ine ndingasaine zimenezo. Koma kuti zigwire ntchito pafunika umboni wa mmene khomalo linalili.

Namwino wausiku: Umboniwo ndi wa tsiku lolowa, katundu wanu asanalowe. Yendani ndi mayiwo chipinda ndi chipinda mukujambula vidiyo, mukutchula chimene mukuona: apa pali mng'alu, apa matailosi awiri ndi osweka, mpando uwu mwendo ukugwedera, fuliji ili ndi kabati imodzi yong'ambika. Poti nyumbayo ili ndi katundu, muwerenge chilichonse n'kulemba, mpaka masupuni, makapu, mapilo ndi marimoti. Zimaoneka zachibwana, koma potuluka ndi masupuni omwewo amene amakhala nkhani. Pepalalo musaine nonse awiri, ndipo zithunzi ndi vidiyozo muwatumizire tsiku lomwelo pa WhatsApp kapena pa imelo kuti tsiku lake lisungike kwa onse. Potuluka muchitenso chimodzimodzi, iwo ali pomwepo, musanapereke kiyi.

Wamagetsi: Soketi yopsayo asinthe musanalowe, ndipo mmisiri aone waya wa kuseri kwake, osangosintha chivundikiro. Loko nayenso.

Amayi a mapasa: Ndipo mufunse kuti makiyi a nyumbayo alipo angati ndipo ali ndi ndani. Pamene padutsa anthu ambiri, makiyi ena amapita nawo. Ngati avomera, musinthe kachitsulo ka m'kati mwa loko wa kutsogolo, mudzabwezeretse kakaleko potuluka. Mulembetsenso kuti mayi ndi mwana azibwera kudzakhala masabata angapo, asadzati munalowa mmodzi lero muli atatu.

Wapaulendo: Za alendozo sindinawauze n'komwe. Ndiwaimbira madzulo ano, ndiwawerengere mzere wa penti uja mmene bambo Mwini nyumba aulembera.

Mwini nyumba: Musawaimbire pokha, mukamaliza kulankhula muwalembere uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, ayankhe kuti eya. Ndipo lendi ya mwezi woyamba mupereke tsiku limene mukulandira kiyi, mutaona ndi maso kuti soketi ndi loko zakonzedwa.